Diso langa likuona ziwiriziwiri chichitireni opaleshoni ya laser: kodi malenzi olimba angandithandize?

Mlendo_wa_Jozi

Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo ndikupempha amene adadutsamo kapena amene amagwira ntchito ya maso kuti andiunikire. Zaka 8 zapitazo ndidachititsa opaleshoni ya laser yotchedwa LASIK maso onse awiri kuno ku Johannesburg, chifukwa ndidavala magalasi okhuthala kuyambira ndili ku pulayimale, ndipo ndikawavula sindinkazindikira ngakhale nkhope ya munthu woima kutsidya kwa msewu. Zaka zoyambirira zonse zidali bwino. Koma tsopano diso lamanzere likuona chilembo chilichonse chili ndi chinzake chozilala pambali pake, ndipo usiku nyali za galimoto zimamwazika n'kudzaza msewu wonse, moti ndaleka kuyendetsa dzuwa likangolowa. Ndasinthitsa magalasi katatu m'chaka chimodzi koma palibe amene akundikwanira. Woyeza maso wina adandiuza kuti cornea yanga, kakhungu koonekera kaja ka kutsogolo kwa diso, siyosalalanso, ndipo adandiyesa lenzi yovala pa diso penipeni, yolimba yaing'ono. Zilembo zidaoneka bwino kwa kamphindi, koma lenziyo inkangotererekera m'mbali, ndipo ndikaphethira mwamphamvu inkagwa. Kodi ndiye kuti maso ngati angawa sangalandire lenzi, kapena vuto lidali mtundu wa lenziyo?

Tsabola_Wakale

Pepani nazo achimwene. Ine ndikuona kuti njira yachidule ndi kubwerera kwa amene adakuchitani opaleshoniyo kuti akamalize ntchito yawo ndi laser yomweyo. Mudalipira kuti musiye kuvala zinthu m'maso, ndiye si bwino kuti muyambenso kulipirira malenzi.

Woyeza_Maso

A Tsabola_Wakale, ndikumvetsa mtima umene mwanenera, koma malangizo amenewo akhoza kuwapweteka mnzathuyu. Laser siwonjezera kanthu pa diso, imangopala. Cornea ya munthu wamkulu imakhuthala pafupifupi theka la milimita pakati pake, ma micron ngati 540, ndipo pa LASIK adokotala amadula kachivindikiro pamwamba, n'kupala mnofu wa pansi pake, kenako n'kubwezera kachivindikiroko. Kachivindikiro kameneka sikathandizanso kwenikweni kulimbitsa cornea, choncho mphamvu yonse imatsalira mnofu wa pansi, umene kwa nthawi yaitali madokotala ankati usachepere ma micron 250, ndipo ambiri masiku ano amafuna utsale wochuluka kuposa pamenepo. Mnofu wotsalawo ukakhala wopyapyala kapena wofooka chibadwire, umayamba kutukumuka pang'onopang'ono chifukwa cha mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso. Matendawa amatchedwa ectasia, ndipo dokotala wa ku Germany, Theo Seiler, ndi anzake adawafotokoza mu 1998 mwa anthu amene adachitidwa LASIK. Akhoza kuyamba patatha miyezi, akhozanso kuyamba patatha zaka zambiri. Kupalanso cornea yotere kuli ngati kusemanso mtanda wa denga umene wayamba kale kupindika.

A Mlendo_wa_Jozi, chimene chandichititsa chidwi m'nkhani yanu si lenzi yogwayo ayi, koma magalasi amene mwasintha katatu m'chaka chimodzi, komanso kuti vuto lakula diso limodzi. Zimenezi zikusonyeza kuti mwina cornea ikusinthabe. Musanagule lenzi ina iliyonse, pitani kwa dokotala wa cornea akakujambuleni mapu a diso ndi makina onga Pentacam, amene amaonetsa kupindika kwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa cornea pamodzi ndi kukhuthala kwake malo alionse. Lenzi imathandiza kuona, koma siimitsa ectasia.

Tsono pa funso lanu lenileni: maso anu akhoza kulandira lenzi ndithu. Magalasi amakonza diso limene lapindika mwadongosolo, koma cornea ikakhala ndi zitunda ndi zigwa, kuwala kumamwazika ndipo palibe galasi limene lingakusonkhanitse. Lenzi yofewa wamba imangotsatira zitunda zomwezo ngati nsalu yonyowa. Lenzi yolimba imasunga maonekedwe ake, ndipo misozi imadzaza mpata wa pakati pa lenziyo ndi cornea, monga mmene madzi a mvula amadzazira maenje a mumsewu pamwamba n'kuoneka posalala. Popeza misozi ndi cornea zimapinda kuwala mofanana kwambiri, zitunda zija zimakhala ngati zafafanizika. N'chifukwa chake mudaona bwino kwa kamphindi kaja.

Mlendo_wa_Jozi

Zikomo kwambiri a Woyeza_Maso. Mwandiopsa pang'ono koma ndi bwino ndadziwa. Ndisanachitidwe opaleshoni magalasi anga adali a mphamvu ya -8, ndipo ndivomereze kuti ndimatikita m'maso kwambiri chifukwa amayabwa, makamaka nyengo ya fumbi. Nanga n'chifukwa chiyani lenzi ija inkagwa, ngati mukuti maso anga akhoza kuilandira?

Woyeza_Maso

Kutikitako lekani lero lomwe, ndipo pemphani mankhwala odontheza a kuyabwako, chifukwa kutikita kumafooketsa cornea imene yapyapyala kale. Za kugwa kwa lenzi, taganizani chulu. Cornea yosachitidwa opaleshoni imakhala yotumphuka kwambiri pakati n'kumka niphwatalala m'mbali, ndipo malenzi olimba wamba amapangidwa motsatira maonekedwe amenewo. Opaleshoni yothetsa vuto losaona patali imasadza msonga wa chulu chija, pakati n'kukhala pophwatalala, m'mbali n'kukhala motsetsereka. Mphamvu ya -8 ndi yaikulu, choncho adapala kwambiri. Mukaika lenzi wamba yogwirizana ndi pakatipo, m'mphepete mwake mumayandama ndipo chikope chimaikankha. Mukaika yogwirizana ndi m'mbali, pakati pamatsala mpata waukulu pamene pamakodwa thovu la mpweya. Pa chifukwa chimenechi pali malenzi opangidwa mozondoka, otchedwa reverse geometry, amene pakati pake ndi pophwatalala ndipo chigawo chotsatira n'chopindika kwambiri. Ngati amene adakuyesani adangotenga lenzi m'bokosi la malenzi wamba popanda kujambula mapu, sizodabwitsa kuti inkagwa.

Namaso_wa_Leeds

Achimwene a ku Jozi, musataye mtima, chifukwa ine ndinali pomwe mulipo. Langa silinali vuto la ectasia, koma laser inapala pambali pang'ono m'malo mwa pakati penipeni, ndipo malo opalidwawo anali aang'ono kuposa mmene mwana wa diso langa amakulira mumdima. Masana ndinkaona bwino ndithu, koma usiku kuwala kunkalowera m'mphepete mosapalidwa muja ndipo nyali iliyonse inkakhala ndi mchira. Kuwonjezera apo maso anali ouma ngati muli mchenga, zimene ndinauzidwa kuti zimachitika chifukwa podula kachivindikiro kaja amadulanso timitsempha timene timauza diso kuti litulutse misozi.

Ndinayesa malenzi olimba aang'ono mitundu iwiri, koma m'maso ouma chonchi sindinkapirira nawo kupitirira maola atatu. Chimene chinandipulumutsa ndi lenzi ya scleral. Imeneyi ndi yaikulu, yanga ndi ya mamilimita 16.5 pamene cornea yonse ndi ya mamilimita pafupifupi 12, choncho siikhudza cornea n'komwe. Imakhala pa choyera cha diso, n'kudumpha pamwamba pa cornea ngati mlatho, ndipo musanaiike mumaidzaza madzi amchere opanda mankhwala osungitsa. Diso limakhala m'madzimo tsiku lonse, ndiye kuuma kuja kunachepa kwambiri, ndipo popeza m'mphepete mwa lenzi mumabisala pansi pa zikope, sindiimva ndikamaphethira. Koma ndisakunamizeni kuti zinali zophweka. Ndinapita kukayezedwa kasanu, lenzi ya diso lamanja anaipanganso katatu, ndipo sabata yoyamba ndinkatha theka la ola m'mawa uliwonse nditawerama pa kalilole woyala patebulo, madzi akutayika, thovu likulowa, n'kuyambiranso. Pano zimanditengera mphindi ziwiri.

Kadzidzi

Ndikulemekeza zimene mayi a ku Leeds adutsamo, koma ndikuona kuti masiku ano aliyense akuthamangira scleral ngati malenzi ena onse adatha ntchito. Ine ndavala lenzi yolimba yaing'ono ya reverse geometry kwa zaka 11 chichitireni PRK, opaleshoni ya laser yopala pamwamba pa cornea osadula kachivindikiro, ndipo ndilibe nayo dandaulo. Mtengo wake ndi wotsika, sindifunika kugula madzi odzazira tsiku ndi tsiku, ndimaivula ndi zala zokha popanda kachipangizo kochotsera, ndipo ndikaphethira misozi yatsopano imalowa pansi pake n'kubweretsa mpweya ku cornea. Pansi pa scleral madzi amene mwaika m'mawa ndi omwewo mpaka madzulo. Masabata awiri oyamba lenzi yaing'ono imavuta, zimenezo n'zoona, koma chikope chimazolowera. Ambiri amaisiya lisanathe tsiku lachitatu kenako n'kumati inakanika.

Namaso_wa_Leeds

A Kadzidzi, ine sindinasiye tsiku lachitatu, ndinalimbana nayo miyezi inayi. Inu muli ndi misozi yokwanira, ine ndilibe, ndipo kusiyana kwathu kwagona pamenepo.

Kadzidzi

Pamenepo ndavomera, mayi. Koma mungavomerenso kuti fumbi ndi mtengo si nkhani zazing'ono kwa munthu amene sakhala ku Ulaya.

Namaso_wa_Leeds

Za mtengo ndavomera. Koma za fumbi zikukutsutsani inu nomwe, chifukwa kachitsotso kamalowa mosavuta pansi pa lenzi yaing'ono, pamene scleral imatseka mozungulira.

Woyeza_Maso

Nonse awiri mukunena zoona za maso anu, ndipo n'chifukwa chake woyeza wabwino sayamba wasankha lenzi asanaone mapu. Cornea imene yangophwatalala pakati mwadongosolo, misozi ilipo, kawirikawiri imakhala bwino ndi lenzi ngati ya a Kadzidzi. Cornea imene yatukumuka cham'munsi ngati mmene ectasia imachitira, kapena youma kwambiri, nthawi zambiri imafuna scleral, chifukwa lenzi yaing'ono imatsetserekera pa chotupacho ndipo ikamachikhula tsiku ndi tsiku ikhoza kusiya chipsera. Pakati pa ziwirizi palinso njira zina. Pali malenzi a hybrid, onga a SynergEyes, olimba pakati koma ofewa m'mphepete. Pali kuvala lenzi yofewa yopyapyala pansi n'kusanjika yolimba pamwamba kuti isakhule. Pali malenzi ofewa okhuthala opangidwira cornea yosalongosoka, onga KeraSoft, amene amathandiza zitunda zikakhala zazing'ono. Palinso gulu la Rose K, limene adayambitsa Paul Rose wa ku New Zealand, lomwe lili ndi mitundu yopangidwira cornea zotere.

Nkhawa ya a Kadzidzi pa mpweya ndi yoona ndipo tisaipeputse. Cornea ilibe mitsempha ya magazi, imapuma kuchokera ku mpweya wa kunja. Pa scleral mpweyawo umayenera kudutsa lenzi kenako madzi, choncho lenzi iyenera kupangidwa ndi zipangizo zolola mpweya wambiri, isakhuthale mopitirira, ndipo madziwo asazame kwambiri. Poyeza timadontheza utoto wachikasu wa fluorescein m'madzimo n'kuunika ndi nyali yabuluu, kapena timayeza mpatawo ndi makina ojambula m'kati mwa diso otchedwa OCT. Lenzi ikangoikidwa timafuna mpata wa ma micron 200 mpaka 300, podziwa kuti m'maola otsatira imira pang'ono m'kakhungu kofewa ka pa choyera cha diso ndipo mpatawo uchepa. Ndiye wina akakuyezani kwa mphindi khumi n'kukuitanitsirani lenzi osakuonaninso mutaivala maola angapo, sanamalize ntchito. Pobwerera kukaonedwa, pitani mutaivala kale kuyambira m'mawa.

Mphunzitsi_Wopuma

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo mtima ukundipweteka. Ine ndidachitidwa opaleshoni ya maso laser isanafale, ya mtundu wotchedwa radial keratotomy, imene adaitchukitsa dokotala wa ku Russia, Svyatoslav Fyodorov, m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata ena akamva laser amaganiza lezala, koma kwa ife udalidi mpeni, kampeni ka dayamondi, ndipo diso lililonse adalitema mizere 8 ngati masipoko a njinga. Nthawi imeneyo tidauzidwa kuti magalasi tatsazikana nawo. Lero ndikaona wachinyamata wa maso abwinobwino, amene vuto lake ndi magalasi okha, akusonkha ndalama kuti akapalitse diso, ndimafuna kumugwira dzanja. Diso si chinthu choyeserapo.

Nyenyezi_ya_Mmawa

Bambo, ndi ulemu wonse, mnzathuyu opaleshoni adachita kale, ndipo mawu oti akadapanda kutero sangamubwezere cornea yake. Komanso anthu ochuluka kwambiri amene adachitidwa LASIK akuona bwino ndipo sadandaula, ine ndi mmodzi mwa iwo. Chofunika n'chakuti munthu ayezedwe mokwanira asanachitidwe, ndipo amene cornea yake ndi yopyapyala kapena yokayikitsa akanizidwe.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwandidzudzula bwino mwana wanga, ndipo a Mlendo_wa_Jozi andikhululukire, sindidafune kuwawonjezera chisoni. Ndinene chimene chingawathandize. Cornea yotemedwa ngati yangayi imasintha m'kati mwa tsiku limodzi, moti ndidali ndi magalasi awiri, ena a m'mawa ena a madzulo. Chivalireni scleral kusinthako sindikukuonanso kwenikweni, chifukwa madzi a pansi pa lenzi amadzaza kusiyanako. Ndili ndi zaka zoposa 70 ndipo manja amanjenjemera, koma ndidaphunzira kuiika pogwiritsa ntchito kachoimikira kamene kamagwira lenzi, ine n'kugwira zikope ndi manja onse awiri. Chinanso, sungani mapepala onse a maso anu a opaleshoni isanachitike. Pamene ndinkachotsedwa ng'ala, adokotala adavutika kuwerengera mphamvu ya galasi loika m'kati mwa diso chifukwa cornea yosinthidwa imasokoneza masamu awo. Ndipo nthawi zonse muziwauza oyeza za opaleshoni yanu, chifukwa cornea yopalidwa ndi laser imachititsa makina kuonetsa kuti mphamvu ya madzi a m'diso ndi yotsika kuposa mmene ilili, ndiye matenda a glaucoma, amene amawononga mtsempha wa diso, akhoza kubisala.

Wa_ku_Area25

Nkhani ya madzi odzazira yandikhudza. Mchemwali wanga anachitidwa opaleshoni ku India, ndipo zitavuta anakamuyeza ma scleral ku South Africa n'kubwera nawo kuno ku Lilongwe. Akuona bwino kwambiri, koma timabotolo ta madzi timene anabwera nato tatsala pang'ono kutha, ndipo m'mafamase amene tafunsa akumatipatsa madzi otsukira malenzi ofewa a m'botolo lalikulu. Kodi angadzazire amenewo? Nanga madzi a pampopi owiritsa bwino, othira mchere pang'ono, sangagwire ntchito pamene tikudikira wobwera kuchokera ku Joni?

Woyeza_Maso

Chonde musayerekeze, ngakhale tsiku limodzi. M'madzi a pampopi, a pachitsime ndi a m'nyanja mumapezeka kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kakalowa mu cornea kamayambitsa chilonda chopweteka koopsa, chovuta kuchiza, ndipo ena diso limathera pomwepo. Madzi amchere opangira kunyumba ndi amodzi mwa zinthu zimene zidadziwika kale kuti zimabweretsa matendawa kwa ovala malenzi, chifukwa ngakhale muwiritse, chiwiya chosungiramo ndi manja zimawaipitsanso. Pa chifukwa chomwecho asasambe kapena kusambira atavala malenzi, asagone nawo, ndipo apukute manja aume asanawagwire.

Madzi a m'botolo lalikulu aja ndi otsukira ndi kusungiramo, si odzazira, chifukwa ali ndi mankhwala opha tizilombo amene akakhala pa cornea maola 12 osachoka amaiwotcha. Chimene mufunse ku famase ndi sodium chloride wa 0.9% wa m'timabotolo tapulasitiki totsegula kamodzi n'kutaya, wopanda chosungitsa chilichonse, wonga amene amagwiritsa ntchito m'makina opumira a anthu a mphumu. Werengani pa pepala lake kuti mutsimikize kuti mulibe china koposa mchere ndi madzi, ndipo mumudziwitse amene anamuyeza malenziwo. Akasowa, avale magalasi kufikira apezeke. Ngati amatsukira hydrogen peroxide, malenzi akhale m'kabotolo kake kapadera maola osachepera 6 kuti mankhwalawo asanduke madzi. Ndipo diso likafiira, kupweteka, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi lenzi itachotsedwa, asadikire ulendo wa ku South Africa, apite tsiku lomwelo ku chipatala cha maso cha pa Kamuzu Central atatenga lenzi ndi kabotolo kake.

Wa_ku_Area25

Zikomo, mwatipulumutsa, chifukwa tinali titagwirizana kale zowiritsa madzi mawa. Vuto lina n'lakuti ikamakwana 1 koloko masana amayamba kuona ngati muli nkhungu.

Namaso_wa_Leeds

Zimenezo zinkandichitikiranso. Ndi zinyalala za misozi zimene zimaunjikana m'madzi a pansi pa lenzi. Achotse, atsuke, adzazenso madzi atsopano, ndipo nkhunguyo ichoka. Koma akapitanso kokayezedwa akanene, chifukwa kwa ine chinayambitsa chinali m'mphepete mwa lenzi mmene simunkagona mofanana mbali zonse, popeza choyera cha diso sichobulungira ndendende. Atandipangira ina yotsatira maonekedwe a diso langa, ndimatha tsiku lonse osaichotsa.

Mlendo_wa_Jozi

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Dokotala wa cornea wajambula mapu, ndipo poyerekeza ndi amene adajambulidwa chaka chatha kwa woyeza wina, amene ndidachita kukawapempha, watsimikiza kuti diso lamanzere lili ndi ectasia ndipo ikupitirira. Lamanja lili bwino pakali pano, aziliona miyezi 6 iliyonse. Wanenetsa kuti laser yowonjezera mphamvu ya kuona siyoyenera pa diso limeneli, ndipo wandilembera cross-linking mwezi wamawa. Wandifotokozera kuti amanyowetsa cornea ndi madontho a riboflavin, amene ndi vitamini B2, kenako n'kuiwalitsa ndi kuwala kwa ultraviolet kuti ulusi wa m'kati mwake ugwirane n'kulimba, ndipo wandichenjeza kuti cholinga chake ndi kuimitsa matendawa, osati kundibwezera kuona kwanga kwakale.

Tsiku lomwelo woyeza malenzi wa pamalopo adandiika scleral yoyeserera kwa ola limodzi. A pagulu pano, chithunzithunzi chija chidasowa. Ndidawerenga mzere umene sindidauwerengepo kwa zaka ziwiri, ndipo nditasuzumira pawindo ndidaona mawaya a magetsi ali amodziamodzi. Ndidakhala chete kwa kanthawi chifukwa misozi idalengeza. Funso langa tsopano ndi lakuti, kodi ndiitanitsiretu lenziyo, kapena ndidikire cross-linking ichitike?

Woyeza_Maso

Mwachita bwino kukapempha mapu akale aja, chifukwa ndi amene aonetsa kuti matendawa akuyenda. Njira ya cross-linking idayambira ku Dresden ku Germany, ndipo zotsatira zake zoyamba mwa odwala keratoconus, matenda amene cornea imapyapyala n'kutukumuka yokha popanda opaleshoni, zidasindikizidwa mu 2003, pamene ku America idavomerezedwa mu 2016, kuphatikizapo pa ectasia yobwera pambuyo pa opaleshoni ya laser. Mwa njira yoyambirira ija cornea imayenera kukhala yosachepera ma micron 400 kuti kuwalako kusawononge m'kati, choncho funsani dokotala wanu kuti yanu ndi yokhuthala bwanji ndipo atsata njira iti. Lenzi musaitanitse panopa. Dikirani khungu la pamwamba pa cornea lipole ndipo adokotala akuloleni, zimene zimatenga masabata angapo kapena kupitirira, komanso cornea imasinthako maonekedwe m'miyezi yoyambirira. Poitanitsa, funsani kuti mtengowo ukuphatikizapo kupanganso lenzi kangati ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Dziwaninso kuti usiku kumwazika kwa nyali kukhoza kutsalako pang'ono, chifukwa lenzi imakonza kutsogolo kwa cornea pamene ectasia imapindanso kumbuyo kwake, ndiye musabwerere pa chiwongolero usiku musanayezedwe mutavala lenzi yanuyanu.

Tsabola_Wakale

Ndabweza mawu anga aja a laser, achimwene. Mudzatiuze tsiku la cross-linking likayandikira, ndipo mupeze wokuperekezani, chifukwa mlamu wanga atachitidwa sankatha kutsegula diso masiku awiri oyamba.

Mlendo_wa_Jozi

Akazi anga atenga kale tchuthi cha masiku atatu. A Namaso_wa_Leeds, nthawi ikadzakwana ndidzakufunsani za kaikidwe kopanda thovu, chifukwa pa kuyeserera kuja woyezayo ndiye adandiika, ndipo ine ndekha sindinayesepo.